Yenderani malo musanaitane wojambula vidiyo

Kwaya ikangotsiriza kujambula nyimbo zake ku situdiyo ku Chipata, mkangano wotsatira umadziwika kale: nanga vidiyo tikajambulira kuti? Ena amati tipite kutauni tikaime pa kapinga wa pa loji, pamene pali maluwa ndi galimoto yonyezimira. Acinyamata amati kumtsinje wa Luangwa, pamcenga, dzuwa likamalowa. Amayi amati kodi pachalichi pathu pompano palakwanji? Kawirikawiri amene ali ndi mau okwera ndiye amapambana. Tsiku limakhazikitsidwa, wojambula amamutumira foni, mayunifomu amacapidwa, koma palibe ngakhale mmodzi amene wanyamuka kukaona malowo ndi maso ake pa nthawi imene kamera idzakhalepo.

Owerenga ena adzati iyi ndi nkhani yaing'ono. Kwa ife a kuno ku Chikwa si yaing'ono ai. Ndalama imene kwaya imalipira wojambula siicokera ku banki. Ndi mpunga umene oimba anasonkha tini imodzi-imodzi, ndi ganyu wa m'munda wa thonje, ndi nkhuku imene mayi wamasiye anagulitsa kuti mwana wake asacite manyazi pakati pa anzake. Wojambula amacokera kutali, amadutsa Lundazi ndi kutsika mapiri, ndipo amawerenga masiku. Tsiku limene kwaya yaima padzuwa osapeza cithunzi cabwino, iye walipidwa ndithu. Oluza ndife.

Anthu opanga mafilimu akulu-akulu ali ndi munthu amene nchito yake ndi kutsogola cabe. Amayenda ndi kamera yaing'ono ndi kabuku. Amaima pamalo m'mawa, amabwereranso madzulo, amayesa msewu, amamvetsera phokoso, amafunsa kuti mwini malo ndani. Akabwerera amauza anzake kuti apa tingagwire nchito, apa tingataye ndalama. Gulu lonse ndi katundu wake silinyamuka iye asanakambe.

Citsanzo cili pafupi, kutsidya kwa malire. Ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, kuli mudzi wa Masitala kumene William Kamkwamba, ali mnyamata wosiya sukulu cifukwa ca njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina a mphepo opatsa magetsi ndi zitsulo zotayidwa ndi dainamo ya njinga. Nkhani yake inalembedwa m'buku mu 2009, ndipo mu 2019 inatuluka filimu yochedwa The Boy Who Harnessed the Wind, imene anaitsogolera Chiwetel Ejiofor wa ku Britain. Mafilimu ambiri okamba za Africa amakajambulidwa ku South Africa kapena ku Kenya, cifukwa kumeneko kuli zipangizo, mahotela ndi anthu ozolowera nchitoyi. Kutengera filimu ku midzi ya ku Kasungu kunali kudzisenzetsa mtolo. Koma Ejiofor anapita kukaona dera la Wimbe nchito isanayambe, anasankha kujambulira ku Malawi konko, ndipo anaphunzira Cicewa kuti akhale bambo wake wa William m'filimumo. Amene munaionera mukukumbukira dothi lofiira, minda ya cimanga, kamsika ka pamsewu ndi Gule Wamkulu pamaliro. Cicewa ca m'kamwa mwa alendowo pena cimaseketsa, zimenezo n'zoona, koma malo sananame. Munthu wa ku Lundazi akaiona amati kumeneku ndi kwathu. Ndipo nkhaniyo inafuna kuonetsa mvula yosefukira ndi cilala cimene cinatsatira, kutanthauza kuti malo amodzi omwewo anayenera kudziwika pa nyengo ziwiri.

M'cigwa cathu comwe cino, kumwera m'dera la Nsefu m'paki ya South Luangwa, a BBC anatha zaka pafupifupi 5 akutsata mikango, anyalugwe, afisi ndi mimbulu, ndipo mu 2025 anatulutsa pulogalamu yochedwa Kingdom, imene wofotokoza wake ndi David Attenborough. Ife zaka 5 tilibe, ndalama za BBC tilibe. Koma cimene alendo otere amalipira ndalama zambiri kuti acipeze, ife tili naco kwaulere: malo athu timawadziwa. Mlimi aliyense pano amadziwa dambo limene limayamba kudzaza, njira imene njovu zimadzera, ndi mwezi umene mapiri amabisala. Vuto ndi lakuti pokonza vidiyo sitimufunsa mlimiyo. Timafunsa wa kutauni amene sanagonepo kuno.

Mwezi ndi msewu

Wojambula adzakuuzani kuti akufuna msipu wobiriwira wa mu February. Muuzeni zoona. Kuyambira December mpaka kumapeto kwa mvula dothi lakuda la m'cigwa limagwira galimoto ngati ulimbo, ndipo timitsinje tocokera kumapiri timadzaza mwadzidzidzi ngakhale kuno kusanagwe dontho. Angalowe bwino Lolemba, n'kukhala kutsidya kwa kamtsinje masiku atatu akudya nsima yanu ndi kuwerenga masiku ake. February ndiyenso mwezi umene nkhokwe zapepuka ndipo oimba ali kumunda. Kwa ife Akatolika nthawi zambiri umakumana ndi Lenti, ndipo si nyengo yoti kwaya izikavina Aleluya pabwalo la chalichi.

Ena amathawira ku October poti msewu ndi wouma. Inde ndi wouma, koma kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 40. Kamera ikatentha kwambiri imazima yokha, mabatire amafooka msanga, ndipo oimba asanatsirize nyimbo yaciwiri mayunifomu anyowa kale. Kuyambira August utsi wa moto wa m'thengo umadzaza mlengalenga, kotero kuti mapiri a Muchinga, amene onse amafuna kuti aoneke kumbuyo kwa kwaya, amasanduka cimtambo cotuwa. August yemweyo ali ndi mphepo yake yonyamula fumbi ndi kuvula amayi maduku.

Ine ndimaona kuti nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa April mpaka July. Timitsinje taphwa, thambo layera, mapiri akuoneka bwino, kuzizira kwayamba. Mpunga ukamaca m'madambo palibe kapinga wa pa loji amene angaupose kukongola. Koma pomwepo pali msampha. Nthawi imene mpunga wakongola ndi imene mwini wake sagona, akuingitsa mbalame masana ndi njovu usiku, ndipo theka la kwaya ndi eni minda omwewo. Tsiku lojambula lisankhidwe pamodzi ndi alimi, osati ndi komiti yokha. Ngati zavuta, dikirani akolole. Kwaya yathunthu yoima pa ziputu iposa kwaya ya anthu 12 yoima pa mpunga wokongola.

Dzuwa

Apa ndi pamene makwaya ambiri amagwera. Kuyambira 10 koloko mpaka 15 koloko dzuwa lili pamutu. Limaika mthunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo munthu amaoneka ngati wadwala. Bulauzi yoyera imawala kwambiri, nkhope imada, ndipo kamera siingathe kusamala zonse ziwiri pa nthawi imodzi monga limacitira diso la munthu. Maola abwino ndi kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa, kenaka kuyambira 16 koloko mpaka dzuwa kulowa. Mukawerenga mupeza kuti tsiku lonse lili ndi maola 5 cabe a nchito yabwino. Tsono amene akukulonjezani kuti nyimbo 10 adzazijambula tsiku limodzi pamalo 5 osiyana, mufunseni kuti zingati zidzagwera masana, ndipo maola angati adzathera mumsewu. Malo awiri oyandikana, oti kwaya n'kuyenda pansi, amapindula kuposa malo ambiri ofuna thirakita.

Za kumtsinje dzuwa likamalowa, acinyamata mundimvere. Ife tili kum'mawa kwa Luangwa. Kwaya ikaima pagombe lathu madzulo, mtsinje uli kumbuyo kwake, ndiye kuti dzuwanso lili kumbuyo kwake. Madzi adzaoneka ofiira bwino, koma oimba adzakhala zithunzithunzi zakuda zopanda nkhope. Kwa kamphindi kocepa m'nyimbo zimenezo n'zokongola. Kwa nyimbo yonse, amayi anu sadzakuzindikirani. Pamalo omwewo m'mawa dzuwa limacokera kumbuyo kwa wojambula, n'kuwalira nkhope ndi madzi pamodzi. Izi sizifuna sukulu. Zimafuna munthu woti akaime pamenepo nthawi ziwiri zonsezo, ajambule mnzake ndi foni, n'kuyerekeza.

Mthunzi nawo uli ndi mitundu. Wa mango ndi wokhuthala ndi wofanana, nkhope zimaoneka bwino ngakhale dzuwa litakwera. Wa tsanya ndi woboola-boola, umasiya mawanga pankhope ngati munthu wa cikuku. Pansi pa mvunguti pamazizira bwino, koma yang'anani kumwamba kaye, cifukwa zipatso zake zimalemera makilogalamu angapo ndipo sizicenjeza pakugwa. Mlambe aliyense amaufuna m'vidiyo, koma milambe yambiri ili ndi mphako za njuci, ndipo njuci ndi sipika yolira kwambiri sizigwirizana.

Za phokoso sindidzatalikitsa. Pa vidiyo ya kwaya nyimbo inajambulidwa kale, oimba amangotsatira sipika, conco tambala kapena cigayo sizisokoneza kwambiri. Cofunika ndi cakuti sipika imveke mpaka mzere wakumbuyo, apo ayi milomo ya mabesi idzatsalira m'mbuyo mwa nyimbo ndipo oonera adzaseka. Sipikayo imafuna moto, mabatire a kamera amafuna moto, ndiye woyendera malo afunse kuti sola kapena jenereta yapafupi ili kwa yani, ndipo mafuta adzagula ndani. Koma ngati mukujambula mau enieni, monga ulaliki, umboni wa nkhalamba kapena kuimba kopanda sipika, pamenepo khalani cete pamalopo mphindi zingapo mumvetsere. Cigayo, njinga zamoto, ana a pasukulu, ndi nyenje za m'tsanya nthawi yotentha, zonse zimalowa m'maikolofoni ndipo sizitulukanso.

Mtsinje suli bwalo la masewera

Mcenga wa Luangwa m'cilimwe umakopa, woyera ndi wosalala ngati anausesa. Koma Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje ya mvuu zambiri mu Africa yense, ndipo ng'ona sizisowa pa dziwe lililonse lotsala. Woyendera malo apite ndi msodzi wa pamenepo. Msodzi adzamuonetsa njira imene mvuu zimakwerera kumtunda, imene munthu sayenera kuitsekereza m'mamawa pamene zikubwerera kumadzi, nthawi yomweyo imene tati kuwala ndi kwabwino. Adzamuonetsanso gombe lokumbika pansi, limene pamwamba limaoneka lolimba koma silingapirire anthu 40 oponda pamodzi. Wojambula akanena kuti atsikana alowe m'madzi mpaka m'maondo kuti cithunzi cikome, akulu a kwaya akane pomwepo, ndipo asacite manyazi.

Tisaiwalenso caka ca 2011, pamene mvuu zinafa zambiri m'Luangwa ndi matenda a anthrax, ndipo anthu opitirira 500 m'boma lathu lino la Chama anadwala atagwira kapena kudya nyama yake, ena mpaka kumwalira. Mukapeza mvuu yakufa kapena miimba yasonkhana pafupi ndi malo amene munasankha, asiyeni malowo ndipo mudziwitse a zanyama ndi a zaumoyo.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakaganizira. Kashembe, nchenche yopatsa kaodzera, imakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda. N'cifukwa cake misampha yake imapangidwa ndi nsalu za mitundu iwiri imeneyi. Tsono taganizani kwaya yovala masiketi a buluu ndi mathalauzi akuda, itaima maola awiri m'thengo la tsanya. Ngati yunifomu yanu ndi yotere, ijambulireni pamudzi kapena pachalichi, ndipo kuthengo mupite ndi zovala zoyererako.

Munda uli ndi mwini

Inu alimi anzanga, apa ndi panu. Kwaya kapena wojambula akabwera kudzapempha munda wanu, musavomere cifukwa ca manyazi cabe poti ndi a mpingo. Funsani kuti adzaima pati, adzalowera kuti, galimoto idzaimikidwa pati. Ndipo powerenga anthu musawerenge oimba okha. Kumudzi kuno sipika ikangolira, mudzi wonse umabwera. Oimba 40 amabweretsa oonerera 200, ambiri mwa iwo ana, ndipo ana sayenda m'njira. Mpunga umene watsala masabata awiri kuti udulidwe ukaponderezedwa m'matope sudzukanso. Oimba adzapita kwao akuyamikira kuti vidiyo yakoma, inu mudzatsala mukutola ngala.

A kwaya nanunso, popempha munda pemphani bambo ndi mayi omwe. Kangati bambo wavomera pamowa, mayi amene anaokera ndi kupalira mpungawo n'kungoona gulu lafika? Gwirizanani poyera pamaso pa mboni kuti cikaonongeka cidzabwezedwa bwanji, ikani anyamata awiri oletsa ana, ndipo oimba aime m'mphepete. Wojambula wodziwa nchito akatsitsa kamera pansi, mpunga uli patsogolo, oimba amaoneka ngati ali pakati pa munda pamene sanaponde phesi ngakhale limodzi. Mpunga wa Chama uli ndi dzina m'dziko muno, a COMACO amaugulitsa m'masitolo a ku Lusaka m'mapaketi a It's Wild, ndipo ndi cinthu conyaditsa kuuonetsa m'vidiyo. Koma tiuonetse uli ciimire.

Mlendo akayang'ana mudzi m'cilimwe, diso lake limathamangira pa kamsitu kobiriwira kamene katsala pakati pa minda youma. Sadziwa cifukwa cake mitengo imeneyo sinadulidwe. Ife tikudziwa kuti ndi kumanda. Palinso malo ena, mitengo ina ndi maiwe ena amene akulu a Cisenga amawalemekeza, ndipo mnyamata wobadwa dzulo sangawadziwe onse. Cifukwa cake ulendo woyendera malo umayambira kwa nyakwawa. Malo ano ndi a mwambo, ali m'manja mwa a Mfumu Chikwa ndi manyakwawa ao, ndipo kukagwada kaye sikutaya nthawi. Nyakwawa amene mwamulemekeza ndi yemwe adzakuthandizani kukhazika cete oonerera.

Dera lathu lilinso m'malo osungira nyama a Musalangu. Kuyambira 2016 nchito imene inali ya ZAWA ili m'manja mwa dipatimenti ya boma ya National Parks and Wildlife, ndipo pamudzi tili ndi a CRB. Kujambula pabwalo la chalichi kapena pamudzi sikuwakhudza. Koma mukafuna kupita kuthengo kapena kumtsinje ndi gulu, kawadziwitseni, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi sikauti. Kulowa m'paki ndi kamera ya malonda ndi nkhani ina, imafuna cilolezo ndi malipiro. Ku North Luangwa, kumene zipembere zinabwezedwa kuyambira mu 2003, citetezo ndi cokhwima, ndipo kandege kojambulira kakangoonekera kumeneko mwadziputira mlandu. Timandege timeneti, timene amati madroni, tili ndi malamulo ake pansi pa Civil Aviation Authority, conco wojambula akabwera nako mufunseni mapepala ake. Kulira kwake kumafanana ndi kwa njuci, ndipo njovu zimadana nako. Njovu zothawa droni sizisankha kothawira, zingathe kutsikira m'munda wa munthu amene vidiyo yanu sakuidziwa n'komwe. Pa zamakalata kumbukiraninso kuti boma la Chama, limene linapita ku cigawo ca Muchinga mu 2011, linabwerera ku cigawo ca Kum'mawa mu 2021, ndiye maofesi athu akulu ali ku Chipata, osati ku Chinsali.

Nanga pachalichi?

Amayi aja amene amati pachalichi palakwanji, ine ndili kumbali yao. Sindimvetsa cifukwa cimene kwaya ya kumudzi imalipirira lole kukaimba kutsogolo kwa nyumba ya munthu wina amene dzina lake sitilidziwa. Nyimbo zili m'Cisenga, m'Citumbuka ndi m'Cinyanja, zikukamba za Mulungu amene amatisunga pa njala ndi pa madzi osefukira, koma cithunzi cikuonetsa dziwe losambiramo alendo. Zaka 20 zikubwerazi ana athu adzaonera vidiyo imeneyo, adzaona amayi ao, koma kwao sadzakuona. Kachalichi ka njerwa zoumba tokha, ngakhale ka udzu, si kocititsa manyazi.

Komabe chalichi naco ciyenderedwe monga malo ena onse. Machalichi athu ambiri ali ndi mazenera ang'ono, mkati ndi mwamdima, ndipo kamera mumdima imatulutsa cithunzi ca mcenga-mcenga. Oimba akaima zenera lili kumbuyo kwao, vuto la kumtsinje lija labweranso. Kawirikawiri panja, kumbali imene kuli mthunzi wa khoma, ndi pabwino kuposa mkati. Ndipo mkati muli malire. Guwa si siteji. Pamene pali Ukaristia m'tabernakulo, wojambula sangakwere pa mpando pafupi ndi guwa kapena kuuza atsikana kuti avinire pa masitepe ake poti pakuwala bwino. Ambiri mwa ojambulawa si Akatolika, ndipo sacita mwa cipongwe, sadziwa cabe. Ndi udindo wa akulu a mpingo kufunsa abambo wansembe nthawi ikalipo, ndi kumuonetsa mlendoyo pofika ndi posafika.

Akabwera ndi ao makamera

Si ife tokha amene timafuna malo. Kumabwera a mabungwe, a TV, a nyama, ndi acinyamata a pa YouTube ndi Facebook. Naonso amatuma wotsogola, ndipo pamene akuyendera malo amakhala akuyendera ndi ife tomwe. Ena ndi a mtima wabwino. Ena mumawaona okha, amadumpha nyumba za malata zisanu n'kukaima pa kakhumbi kakugwa, amasiya ana onse osamba n'kuitana wa mamina. Amadziwa cithunzi cimene cimatsegula matumba kwao. Njala ikakhalapo sitiibisa, ndipo kuionetsa kungabweretse thandizo. Koma mwini nkhope ali ndi ufulu wodziwa kumene nkhope yake ikupita.

Mafunso ake ndi osavuta, ndipo nyakwawa kapena mkulu wa mpingo angawafunse mwaulemu: Ndinu yani ndipo wakutumani ndani? Kwa amfumu mwadzerako? Zimenezi zidzaonetsedwa kuti? Ife tidzaziona? Alendo ocokera kunja kwa dziko amayenera kukhala ndi cilolezo ca boma cojambulira, ndipo kupempha kuciona si mwano. Za ana, lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti kholo kapena womulera avomereze. Mphunzitsi kapena katekisiti sangavomere m'malo mwa makolo onse cifukwa cakuti alendo ali pacangu. Ndipo pepala lililonse limene akupatsani kuti musaine, wina aliwerenge mokweza ndi kulimasulira kaye.

Akulu-akulu a m'cigwa muno akukumbukira Mark ndi Delia Owens, a ku America amene anakhala ku North Luangwa kuyambira 1986 akulimbana ndi opha njovu. Mu March 1996 wailesi ya kanema ya ABC ku America inaonetsa pulogalamu ya nchito yao, ndipo mkati mwake munali cithunzi ca munthu akuomberedwa mpaka kufa m'thengo, amene anangomuchula kuti wopha nyama mopanda cilolezo. Mamiliyoni anaonera ali m'nyumba zao. A Owens anacoka m'Zambia caka comweco ndipo akhala akukana kuti sizikuwakhudza. Pamene mtolankhani Jeffrey Goldberg analemba za nkhaniyi m'magazini ya The New Yorker mu 2010, dzina la munthu wophedwayo linali lisanadziwike. Sindikuweruza mlandu pano, si nchito yanga. Ndikungoti kwa ojambulawo cigwa cino cinali malo abwino a nkhani, ndipo munthu wa m'cigwa analowa m'nkhaniyo wopanda dzina, wopanda mudzi, wopanda wofunsa kuti amayi ake ndani. Masiku ano kamera ili m'thumba la aliyense, ndipo cithunzi cojambulidwa pa Chikwa m'mawa cimafika ku London dzuwa lisanalowe.

Tibwerere ku kwaya yathu. Komiti isankhe anthu atatu: mmodzi wodziwa nyimbo ndi kaimidwe ka oimba, mmodzi mlimi kapena msodzi wa dera limene mukufuna, ndi mayi mmodzi. Mayiyo ndi amene adzafunse zimene abambo amaiwala, monga kumene atsikana adzasinthire zovala, kumene kuli madzi akumwa ndi cimbudzi, kumene ana a kumsana adzakhale, ndi kumene nsima ya anthu 40 idzaphikidwe. Apite sabata ziwiri tsiku lisanafike, pa njinga, m'njira yomweyo imene galimoto idzadzere, aone ngati pali mtengo wogwa kapena mcenga wozama. Pamalo aliwonse ajambule ndi foni m'ma 7 koloko ndi m'ma 16 koloko, munthu ataima pamene kwaya idzaime, atavala yunifomu yomweyo. Asankhe malo awiri, ndi ena acitatu osungira, cifukwa maliro sapangana ndi munthu ndipo mudzi wa maliro suimbidwamo sipika.

Zithunzizo zitumizidwe kwa wojambula pa WhatsApp asanagule mafuta, iye anene maganizo ake, ndipo mugwirizane kuti nyimbo iti idzajambulidwa pati ndi nthawi yanji. Netiweki ikavuta, kwerani pa culu cija cimene nonse mumacidziwa.